Google ikungoona homepage yokha? Umu ndi momwe mapeji am'kati amalowera

Mwezi wathawu mnzanga wina wogulitsa ma spare a galimoto ku Biwi anandiimbira foni atapsa mtima, akuti aise webusayiti ija unandipangira sikugwira ntchito. Ndinamufunsa kuti sikutseguka kapena? Akuti ayi ikutseguka bwinobwino, ndipo ndikalemba dzina la shopu pa Google ikubwera, koma ndikalemba "brake pads Sienta Lilongwe" sindikupezeka olo pang'ono, pomwe peji ya ma brake pads a Sienta ilipo, zithunzi zilipo, mtengo ulipo. Ndipo anali ndi chifukwa chokwiyira, chifukwa munthu amene akulemba dzina la shopu yako pa Google ndi kasitomala wakalekale, nambala yako ya WhatsApp ali nayo kale. Kasitomala watsopano sadziwa dzina lako, amangolemba chinthu chimene akufuna, ndipo amayenera kufikira pa peji yam'kati ya chinthucho. Ndalama zili kumeneko.

Ndinapeza mavuto atatu osanjikizana, limodzi linali langa ine ndemwe, ndiulula tikafika pamenepo.

Choyamba timvetsetsane kaye kuti mukalemba kanthu pa Google, Google siyendayenda pa intaneti yonse nthawi yomweyo ayi. Imayang'ana m'kaundula wake, amene amamutcha index. Peji yanu kuti ilowe m'kaundulamo pali zinthu zitatu zimene ziyenera kuchitika motsatana, Google idziwe kuti pejiyo ilipo, kenako kaloboti kake kotchedwa Googlebot kabwere kudzaiwerenga, kenako Google iganize kuti iyi ndi yoyenera kusunga. Ikakanika pena paliponse mwa zitatuzi ndiye kuti simupezeka. Nkhani yokhala nambala wani pa zotsatira ndi ina, imabwera pambuyo, mwana sangakhale nambala wani m'kalasi imene dzina lake mulibe mu rejisitala.

Kuti muone msangamsanga, lembani pa Google kuti site:shopuyanu.mw osasiya mpata pambuyo pa timadontho tiwirito, muikepo adiresi yanu yeniyeni. Zimene zibwere ndi mapeji amene Google ikuwadziwa. Sikuti imaonetsa onse ndendende, musaikhulupirire ngati Baibulo, koma ngati muli ndi katundu wambirimbiri nde kwangobwera homepage ndi Contact basi, mwadziwa kale kuti pali nkhani.

Chida chenicheni ndi Google Search Console, ndi yaulere, kale inkatchedwa Webmaster Tools mpaka 2015. Mumalowa ndi Gmail yanu yomweyo kenako mumatsimikizira kuti webusayitiyo ndi yanu. Pali njira ziwiri. Ya Domain imafuna muike TXT record, kamzere ka mawu kamene Google ikupatsani, ku DNS, kumene kumasungidwa ma setting a adiresi ya webusayiti yanu, kutanthauza kuti mukhale ndi password ya kumene domain inalembetsedwa, ndipo apa mpamene anthu ambiri amazindikira kuti domain yawo ili m'dzina la mnyamata amene anawapangira uja, amene pano ali ku Joni foni sakuyankha. Ngati zanu zili choncho yambani kukonza zimenezo lero, ndi nkhani yaikulu kuposa ya Google yomwe. Njira inayo ndi URL prefix, mumangoika kafayilo ka HTML kapena ka tag kamodzi pa webusayiti, ndipo ngati ndi WordPress plugin (kapulogalamu kowonjezera) ya Site Kit imakuchitirani zonse. Mukatero dikirani masiku angapo kuti manambala ayambe kuoneka, kenako pitani kumanzere pa Indexing, dinani Pages. Mupeza mapeji amene analowa, amene sanalowe, ndi chifukwa chake cholembedwa pansi. Pamwamba penipeni pali bokosi loti mumatamo linki ya peji imodzi, imeneyo ndiye URL Inspection, imakuuzani za peji imeneyo yokha.

Musanayambe kulimbana ndi zina zonse onani kaye ngati simunatseke geti nokha.

Ku Biwi kuja nditamata linki ya peji ya ma brake pads, yankho linali loti peji ili ndi noindex. Noindex, geti loyamba, ndi kamzere kamodzi kobisika mu code ya peji kouza Google kuti iyi usaisunge, ndipo Google imamvera bwino kwambiri. Anaikapo ndani? Ine kkkk. Nthawi imene ndimapanga webusayiti ija ndinadzazamo katundu wongoyeserera, maina osamveka, mitengo ya K1, nde sindimafuna kuti zimenezo zioneke, ndinakazimitsa mu Yoast, plugin ya WordPress yothandiza kuti mupezeke pa Google, pamene pamafunsa ngati ma products azioneka pa search results. Katundu weniweni atalowa ndinaiwala kuyatsanso. Homepage inalowa bwinobwino chifukwa iyo sinakhudzidwe, katundu yense anatsala panja, ndipo Yoast ikazimitsidwa choncho imawachotsanso mu sitemap, mndandanda wa mapeji umene mumapatsa Google. Ndinamuuza zoona zake, fanta ndinagula ndine.

Pa WordPress palinso kabokosi kena ku Settings, Reading, kolembedwa "Discourage search engines from indexing this site". Ako kakachongedwa webusayiti yonse imakhala ndi noindex, ndi homepage yomwe. Kuti muone nokha pa kompyuta, tsegulani pejiyo, dinani Ctrl ndi U, kenako Ctrl ndi F mulembe noindex. Koma nthawi zina noindex imachokera ku server, siioneka mu code imeneyi, nchifukwa chake ine ndimadalira URL Inspection.

Geti lachiwiri ndi robots.txt. Lembani adiresi yanu kenako /robots.txt kumapeto. Mukapeza Disallow: /wp-admin/ musadandaule, WordPress imatero ndipo nzabwinobwino. Koma mukapeza Disallow: / chabe, kamzere kopendekeka kali kokhakokha, ndiye kuti mwauza kaloboti kuti usalowe paliponse, ndipo mukapeza Disallow: /product/ kapena /blog/ ndiye kuti mwatseka chipinda chimene muli katundu. Pali kamsampha apa kamene kamakola ngakhale odziwa. Robots.txt imaletsa kuwerenga, noindex imaletsa kusunga. Nde ngati peji ili ndi zonse ziwiri inu nkuchotsa noindex yokha, Google sidziwa kuti mwachotsa, chifukwa sikuloledwa kulowa kuti idzaone. Musatsekenso mafayilo a CSS ndi JavaScript, Googlebot imawafuna kuti ione peji momwe munthu amaionera.

Geti lachitatu ndi canonical, ka tag kouza Google kuti peji yeniyeni ndi iti pakakhala mapeji ofanana. Ma theme (zopangira maonekedwe a webusayiti) ena osalongosoka, makamaka aja otengedwa ulere mwa njira zokhotakhota, amaika canonical ya homepage pa peji iliyonse, ngati kuti peji iliyonse ikunena kuti ine ndine fotokope chabe, original ili uko. URL Inspection imaonetsa mizere iwiri, canonical imene inu munanena ndi imene Google yasankha. Pa peji ya katundu yonse iwiri izikhala adiresi ya peji yomweyo. Onaninso kuti http ikupititsa ku https, ndipo www ndi yopanda www zikuthera pa adiresi imodzi ndi 301 redirect, lamulo lotumiza aliyense ku adiresi inayo nthawi zonse, a hosting amene amakusungirani webusayiti angakuthandizeni zimenezi mphindi zochepa.

Mageti akatseguka, sitemap. Iyi ndi fayilo ya XML yokhala ndi mndandanda wa mapeji anu. WordPress kuyambira 5.5, ya mu 2020, imapanga yokha pa /wp-sitemap.xml, ndipo ngati muli ndi Yoast kapena Rank Math imakhala pa /sitemap_index.xml. Itseguleni kaye muone ndi maso anu kuti mapeji amene mukuwafuna alimo, kenako kaiikeni mu Search Console pa Sitemaps. Fayilo imodzi imanyamula maadiresi 50,000 kapena 50MB, kwa ife a shopu ndi malo oti sitingawadzaze. Muikemo mapeji okhawo amene mukufuna apezeke, osati ngolo yogulira, osati peji ya login, osati amene munafufuta kale. Aja amakuuzani kuti ikani priority 1.0 pa peji iliyonse akukutayitsani nthawi, Google inanena poyera kuti priority ndi changefreq siiyang'ana, imene imagwiritsa ntchito ndi lastmod, deti limene peji inasinthidwa, bola likhale loona.

Koma apa ndiye ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa anthu ambiri akatumiza sitemap amapinda manja kuti ntchito yatha. Sitemap ili ngati kupatsa wa kabaza pepala la manambala a mapuloti. Aliyense wokhala mu Lilongwe muno akudziwa kuti nambala payokha siifikitsa munthu, Area 47 yayandikana ndi Area 6 ndi Area 15. Chimene chimafikitsa ndi msewu, ndi munthu wokulozera kuti mukadutsa pa chigayo mukhote kumanja. Pa webusayiti misewu yake ndi malinki. Googlebot imayenda potsata malinki kuchoka peji ina kupita ina, ndipo imayezanso kufunika kwa peji poona kuti ndi mapeji angati akuilozera komanso ili patali bwanji ndi khomo. Peji imene ili mu sitemap koma palibe peji ina iliyonse yoilozera, a SEO, akatswiri okweza mawebusayiti pa Google, amaitcha orphan page, yamasiye, Google imatha kuidziwa koma nkumangoiika kumapeto kwa mzere mpaka kalekale.

Ili ndiye linali vuto lachiwiri la ku Biwi. Peji ya shopu imaonetsa katundu 12 woyamba, pansi pake batani la "Load more". Munthu amadina, katundu wina nkubwera. Googlebot siidina mabatani, siilembanso mu bokosi la search la webusayiti yanu, siisankha mu ka dropdown kuti Toyota kenako Sienta. Imatsata linki yeniyeni, ija mu code imalembedwa a href ndi adiresi yake. Nde kwa Google shopu yonse ija inali ndi zinthu 12 basi. Kuyesa kwake nkosavuta, pa kompyuta ikani mouse pa chinthucho osadina, ngati pansi kumanzere pakuoneka adiresi ndiye kuti ndi linki, ngati sipakuoneka kanthu kayikirani.

Tinasintha batani lija tinaika manambala a mapeji, 1, 2, 3, aliyense ndi adiresi yake ngati /page/2/. Kenako tinapanga magulu mmene kasitomala amaganizira, osati mmene katundu anabwerera mu kontena. Gulu la mtundu wa galimoto, Sienta, Vitz, Probox, Hiace ya a minibasi, ndi gulu la mtundu wa spare, mabuleki, ma shock, ma filter, magetsi. Magulu onsewa tinawaika pa menu komanso pa homepage ngati malinki a mawu. Ine lamulo langa ndi loti peji iliyonse yobweretsa ndalama ifikike ndi kudina katatu kuchokera pa homepage, si lamulo la Google ayi, ndi langa, koma limandithandiza kugwira mapeji osokera. Pansi pa katundu aliyense tinaikanso malinki a zinthu zoyendera limodzi, wogula brake pads aone ma disc ndi brake fluid. Mawu a linki nawonso azinena chimene chili kutsogoloko. "Dinani apa" sikuuza munthu kanthu, sikuuzanso Google kanthu, lembani "ma shock akutsogolo a Probox". Mukalemba peji yatsopano musathere pa Publish, bwererani ku mapeji awiri atatu akale amene analowa kale mu Google muikemo linki yopita ku yatsopanoyo, ndi ntchito ya mphindi zisanu imene anthu amaiona ngati yopanda pake.

Tsopano mu lipoti la Pages lija muli mawu awiri ofanana amene amasokoneza anthu. "Discovered - currently not indexed" ndiye kuti Google yamva kuti peji ilipo koma sinabwere kudzaiwerenga. Mankhwala ake nthawi zambiri ndi malinki aja, kudikira, komanso server. Ngati hosting yanu ndi yotchipa yoti peji imatenga chaka kutseguka kapena imangogwa nkumapereka error 500 kapena 503, Googlebot imachepetsa maulendo kuopa kuigwetseratu. Zithunzi zochokera pa foni za 5MB chilichonse zichepetseni musanaziike, mupulumutsanso bandulo ya makasitomala anu.

"Crawled - currently not indexed" ndiye yowawa, chifukwa ikutanthauza kuti Google inabwera, inawerenga, nkunena kuti pakadali pano ayi zikomo. Apa palibe batani lokonzera. Tsegulani pejiyo muiwerenge ngati mlendo. Ili ndiye linali vuto lachitatu la ku Biwi, peji ya mnzanga ija inali ndi dzina la katundu, chithunzi chotengedwa pa intaneti, ndi ndime imodzi yokopera kwa amene amamugulitsa katundu, ndime imene ili kale pa mawebusayiti ena ambirimbiri, ndiponso ndime yomweyo anaimata pa ma brake pads onse nkumangosintha dzina la galimoto. Google isunge chifukwa chani chinthu chimene ili nacho kale?

Ndinamuuza kuti tsegula WhatsApp yako uwerenge zimene anthu amakufunsa tsiku ndi tsiku. Kodi ikwana pa Sienta ya chaka chiti? Ndi yatsopano kapena yochotsa pa galimoto ina? Part number yake ndi chani? Ikapanda kukwana mumasintha? Mungatumize ku Mzuzu kapena ku Blantyre, pa basi kapena pa courier? Ndilipire pa Airtel Money kapena Mpamba? Mayankho amenewo, amene iye amawalemba ndi chala chimodzi kakhumi patsiku, ndiwo tinawaika pa peji, ndi chithunzi chojambula yekha pa kauntala, katundu ali m'manja. Sizifuna Chingerezi cha ku yunivesite. Lembani mmene makasitomala anu amalembera akamafufuza, ngati amasakaniza Chichewa ndi Chingerezi inunso sakanizani. Ndipo mapeji amene akusiyana mtundu wa penti wokha kapena saizi yokha, aphatikizeni ikhale peji imodzi yonenepa, kusiyana ndi khumi zowonda.

Chizolowezi china chathu chimene chimapha mapeji ndi ma flyer. Sukulu, lodge, malo odyera, onse amapanga flyer yokongola ku Canva, fizi yonse kapena menu yonse ili m'chithunzimo, nkuiika pa peji popanda mawu ena alionse. Kwa Google peji imeneyo ili ngati yopanda kanthu, nthawi zina mpaka imailemba kuti Soft 404, kutanthauza kuti ikuiona ngati peji yoti kulibe. Flyer ikhalepo palibe vuto, koma zomwezo zilembeninso pansi pake ngati mawu oti munthu angawakopere. Kumbukiraninso kuti masiku ano Google imawerenga webusayiti ngati foni, osati ngati kompyuta, nde ngati theme yanu imachotseratu malongosoledwe kapena menu pa foni kuti pazioneka poyera, zimene zachotsedwazo musaziwerengere.

Zonsezi zikatheka ndi pamene mudine Request indexing mu URL Inspection. Yambani ndi Test live URL kuti muone kuti noindex yachokadi, kenako pemphani. Ili ndi malire patsiku nde sankhani mapeji ofunika, magulu aja poyamba chifukwa iwo ndi amene atsogolere kaloboti ku katundu yense. Kudina kasanu pa peji imodzi sikufulumizitsa kanthu, zili ngati kuimba belu la pa geti mobwerezabwereza mwini nyumba ali kubafa. Google yokha imati zimatha kutenga masiku angapo mpaka masabata angapo. Pa vuto limene lakhudza mapeji ambiri ngati la noindex lija, pali batani la Validate fix mu lipoti la Pages, dinani kamodzi muisiye.

Malinki ochokera kunja amathandiza, makamaka webusayiti ikakhala yatsopano. Koma status ya WhatsApp Google siiona, gulu la WhatsApp siiona, zimenezo nzabwino pobweretsa anthu basi. Ikani adiresi pa Google Business Profile ndi pa peji ya Facebook, ndipo ngati pali bungwe limene muli membala, mpingo, sukulu imene mumaigulitsa katundu, kapena mnzanu wa garaji amene ali ndi webusayiti, mpempheni alozere ku peji yam'kati yogwirizana ndi nkhani yake, osati homepage nthawi zonse. Aja amabwera ku inbox kuti tikupatsani ma backlink (malinki akunja aja) 1,000 ndi madola asanu, musawayankhe, ndi zinyalala zimene Google imaziona ngati spam. Enanso amagulitsa plugin ya "instant indexing" yodutsira pa Indexing API, pomwe Google inanena kuti imeneyo ndi ya mapeji olengeza ntchito ndi a live stream okha.

Bing musaiiwale, ma laputopu a m'maofesi ku City Centre ndi Capital Hill ambiri amatsegula Edge ndipo Edge imafufuzira pa Bing munthu akapanda kusintha, DuckDuckGo nayonso imatenga zambiri kuchokera komweko. Bing Webmaster Tools imalola kukoka webusayiti yanu kuchokera ku Search Console osayambiranso zotsimikizira zija. Kulinso IndexNow imene Bing ndi Yandex anayambitsa mu 2021, peji ikangosintha imawadziwitsa pompopompo, koma Google siili m'gulumo.

Mukamabwerera mu lipoti la Pages musafune kuti "Not indexed" ifike pa ziro, siidzafika ndipo siyenera kufika. Mudzapezamo ma tag, ma feed, maadiresi okhala ndi ?add-to-cart, mapeji a redirect, ndi aja olembedwa "Alternate page with proper canonical tag", onsewo ali pamalo pake. Inu muzingotsegula mndandandawo nkuyang'ana ngati muli peji yoti ikanakubweretserani kasitomala. Kenako pitani pa Performance, dinani Pages, muone ngati mapeji am'kati ayamba kupeza ma impressions, kutanthauza kuti ayamba kuoneka pa zotsatira za Google.

Ya ma brake pads a Sienta ija inalowa patadutsa masabata awiri ndi kanthu, magulu analowa msanga kuposa katundu. Ma filter a mafuta mpaka pano ambiri akadali pa "Crawled - currently not indexed", chifukwa mwini wake sanalembebe malongosoledwe ake, akuti alemba Lamulungu akachoka ku tchalitchi, ndipo ili ndi Lamulungu lachitatu akunena zomwezo.